Kugula nyumba ku Lilongwe: yakale ya ku Area 18, yatsopano ya ku 49, kapena ya pamalo a mfumu?

Nyumba ziwiri za zipinda zogona zitatu, zonse zamalata, zonse mumpanda wa njerwa, zikhoza kusiyana mtengo kawiri mu Lilongwe yemweyu, ndipo nthawi zambiri yotchipayo ndiye yooneka bwino. Ili ndi matailosi onyezimira, siling'i yamapatani ndi geti lochita kukankha. Yodulayo pansi pake ndi simenti yofiira ya m'ma 1970, bafa lake lakalamba, khitchini yake munthu mmodzi akalowa wina adikire panja. Woyang'ana ndi maso okha amati mwini wa yodulayo wapenga. Sanapenge ayi. Chimene akugulitsa sichioneka pa zithunzi za pa Facebook: ali ndi pepala lenileni la malowo, pampopi pake pamatuluka madzi, ndipo galimoto imafika pakhomo ngakhale mu Febuluwale.

Ndikulembera munthu amene wasonkhanitsa kangachepe, kaya ndi za penshoni, kaya ndi za bizinesi, kaya ndi zogwirira ku Johannesburg, ndipo akufuna nyumba yokhalamo ndi banja kutali ndi piringupiringu wa ku Old Town koma osatalikira kuntchito. Za ku Area 10, 12 ndi 43 tizisiye. Kumeneko ena amatchula mitengo m'madola, ndipo ogula ake ali kale ndi maloya awo.

Lilongwe anakhala likulu mu 1975, ndipo pofika kalembera wa 2018 munali anthu 989,318. Mapaipi a madzi, misewu ya phula ndi mapuloti oyezedwa sizinakule pa liwiro lomwelo. Anthu atasowa malo m'madera amene boma linakonza, anasefukira m'midzi yozungulira n'kuyamba kugula minda. Kusiyana konse kwa mitengo kumene mukuona lero kunachokera pamenepa. Paja manambala a ma Area musawakhulupirire poyeza mtunda: anaperekedwa motsatira nthawi imene dera linatsegulidwa, n'chifukwa chake Area 18 ndi Area 49 n'zoyandikana.

Yakale ya m'dera lokhazikika

Apa ndikunena nyumba zonga za ku Area 18 ndi Area 15, zambiri zomangidwa ndi Malawi Housing Corporation (MHC), komanso zakale za ku Area 47 ndi Area 25. Ubwino wake waukulu ndi woti mbiri ya malowo ili mu fayilo. Puloti ili ndi nambala, malire anaikidwa kalekale, ndipo mukapita ku ofesi yoyenera mukapeza dzina la mwini wake. Banki imalola nyumba yotere kukhala chikole. Tsiku limene mudzafune kugulitsa, wogula adzathanso kupeza ngongole, ndiye simudzadalira okhawo oyenda ndi ndalama m'chikwama.

Minibasi zilipo, sukulu zilipo, msika ndi wapansi, ku Capital Hill ndi ku City Centre n'kufupi. Munthu wa lendi sasowa ngakhale mwezi umodzi.

Koma ukalamba uli ndi mtengo wake, ndipo muuchotsere pa zimene mwini akutchula. Mapaipi achitsulo a nthawi imeneyo amachita dzimbiri m'kati mpaka madzi kumangodontha. Mawaya a magetsi anaikidwa pamene m'nyumba munali wailesi ndi ayironi basi, lero mukufuna kulumikiza kuka, giza, firiji ndi makina ochapira. Mapaipi a zonyansa nawo akalamba: anthu a ku Area 18 sadzaiwala 2017, pamene zam'chimbudzi zinalowa m'madzi akumwa. Funsani aneba ngati manholo amasefukira mvula ikagwa.

China choti muone ndi zowonjezera. Eni ambiri anakulitsa nyumbazi, ena anadzaza puloti yonse ndi tinyumba ta lendi kumbuyo. Ndalama ya lendiyo imakoma kumva, koma funsani pulani yodindidwa ndi khonsolo ya mzinda. Ngati kulibe, chipinda chowonjezeracho woyeza mtengo wa ku banki akhoza osachiwerengera, ndipo ngati chinamangidwa pamwamba pa paipi ya zonyansa ndi vuto limene mukugula ndi ndalama zanu. Onaninso zaka zotsala pa lizi, pangano lobwereka malowo kwa zaka zoikika. Malo ambiri okhalamo mumzinda ali pa lizi ya zaka 99, ndiye imene inayamba mu 1976 idzatha mu 2075. Kwa inu n'kutali, koma ndi zaka pafupifupi 50 zimene zapita kale.

Yatsopano yomanga munthu payekha

Ku Area 49, mbali za Gulliver ndi Shire, m'masekita atsopano a Area 25 ndi m'malo ena otero, mupeza nyumba zazikulu, zamakono, zipinda zokhala ndi bafa lakelake, bwalo loimika magalimoto awiri. Apa m'pamene maso amanyenga kwambiri, chifukwa pali nyumba za mitundu iwiri zofanana nkhope. Ina mwini anamanga kuti akhalemo, anayang'anira thumba lililonse la simenti, ndipo akugulitsa chifukwa cha mavuto kapena kusamuka. Ina inamangidwa kuti igulitsidwe basi, ndalama zinapita ku penti ndi magetsi a m'khonde, pamene maziko anangopalapasa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti muzisiyanitse musapite ndi mnzanu wodziwa kukambirana mitengo yekha, tengani mmisiri amene sakudziwana ndi wogulitsa, makamaka injiniya ngati thumba likulola. Akwere m'siling'i ndi tochi. M'menemo ndi mmene muli choonadi: matabwa a denga ndi opaka mankhwala kapena chiswe chayamba kale, ndi ochindikala bwanji, malata akuonetsa kuwala pamisomali kapena ayi, mawaya ali m'mapaipi kapena angoyalidwa. Pansi, yang'anani ming'alu. Mng'alu wopyapyala wa pulasitala si nkhani. Woyenda mopingasa kuchokera pakona ya zenera kapena chitseko, wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, ukunena kuti nthaka ikuyenda. Chitseko chokana kutsekeka chimanenanso zomwezo. Khoma likakhala ndi penti yatsopano m'munsi mokha, kufika m'mawondo, dziwani kuti akubisa chinyontho, ndipo mwina pomanga sanayale pulasitiki yotchinga madzi pamaziko.

Dothi la pamalopo muuzeni mmisiriyo alione. Katondo wofiira amagwira nyumba bwino. Makande akuda a m'dambo amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo nyumba yomangidwa pamenepo ndi maziko wamba imasweka chaka ndi chaka, mungamate bwanji. Malo ena amene akumangidwa tsopano anali madambo amene okonza mzinda anawasiya dala.

Mitsinje nayo. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira n'kuononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, ndipo mtsinje umenewu umadutsa pakati pa malo amene anthu akuwalimbirana lero. Nyumba ikakhala kumunsi, funsani anthu akale a m'deralo pamene madzi anafika. Wogulitsa sangakuuzeni.

Pa mapepala, gulu ili lili pakatikati. Ambiri ali ndi kalata yopatsidwa puloti kuchokera ku Unduna wa za Malo, ku MHC kapena ku khonsolo, koma title deed, chikalata cha umwini wa malowo, sinatuluke. Kalatayo si yachabe, komanso si title deed. Pitani nokha kwa amene anapereka malowo mukaone ngati dzina la m'fayilo ndi la amene akukugulitsani, ngati anamaliza kulipira puloti, ndiponso ngati alibe ngongole ya ground rent, ndalama imene wokhala pa lizi amalipira chaka ndi chaka. Zimachitika kuti puloti yadutsa m'manja mwa anthu atatu koma m'fayilo mudakali dzina la woyamba, amene mwina anamwalira. Msewu wa kumeneko kawirikawiri ndi wafumbi, ndiye muwerengere zokonzetsa galimoto.

Ya kunja, pamalo ogula kwa mfumu

Airwing, Njewa ndi Chitipi kumsewu wa Mchinji, 6 Miles kumsewu wa Blantyre, mbali za ku Lumbadzi kumsewu wa bwalo la ndege: uku ndi kumene ndalama yochepa imagula nyumba yaikulu ndi malo olima ndiwo. Mphepo yabwino, phokoso lochepa. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu akuthamangirako, ndipo sindikunena kuti onse alakwitsa. Amene anagula kale kufupi ndi msewu waukulu malo awo anakwera mtengo kwambiri, makamaka chitsegulireni msewu wa bypass wa kumadzulo kwa mzinda.

Vuto ndi pepala. Chimene ambiri ali nacho ndi kalata yolemba pamanja kapena yotayipa, yosainidwa ndi wogulitsa, mboni ziwiri ndi chidindo cha a mfumu. Kalata imeneyi imathandiza pamudzi, koma banki siyilandira, ndipo siyiletsa mphwake wa wogulitsa kutulukira mawa n'kunena kuti munda unali wa banja lonse, amalume analibe mphamvu yougulitsa. Siyiletsanso kuti puloti yomweyo igulitsidwe kwa anthu awiri, aliyense ndi chidindo chake. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa nkhani yogulitsa malo a makolo, choncho musanapereke tambala kambiranani ndi loya ngati malowo angathe kulembetsedwa m'dzina lanu ndiponso kudzera njira iti. Nyumba ya kumeneku imene mwini anavutikira kale mpaka kupeza lizi ndi chinthu china kotheratu, ndipo ndi yoyenera kuilipira mowonjezera.

Popeza palibe amene anajambula dera lonse, msewu wopita kwanu umadalira chifundo cha aneba. Lero pali njira yokwana lole, chaka chamawa wina wamanga mpanda n'kusiya yokwana njinga. Kuseri kwa chipinda chanu chogona kukhoza kubwera chigayo, bala kapena khola la nkhumba, ndipo mulibe kokadandaula. Madzi ambiri ndi a mjigo kapena chitsime, pamene neba aliyense ali ndi chimbudzi chokumba. Yezani ndi mapazi mtunda wa pakati pa chitsime ndi zimbudzi zozungulira, za aneba zomwe, ndipo madziwo mukayezetse. Ngati magetsi sanafike, werengani mapolo kuchokera pa thiransifoma yomaliza. Mawu oti "a ESCOM akubwera posachedwa" musawaike pa mtengo wa nyumba. Ikanipo mtengo wa sola, mabatire, pampu ndi thanki.

Ndiye pali ulendo wa tsiku ndi tsiku. Tengani mtunda wopita kuntchito ndi kusukulu ya ana, kupita ndi kubwera, muchulukitse ndi masiku 22 pamwezi, muone mafuta ake. Mafuta akasowa m'mafilingi, monga zakhala zikuchitikira zaka zapitazi, wa ku Area 18 amakwera minibasi imodzi kapena kuyenda pansi. Wa kuseri kwa Chitipi amayamba ndi kabaza.

Kwa ine, nyumba ya kunjaku ikuyenera munthu wogula ndi ndalama zakezake, amene sakukakamizika kufika mu ofesi 7:30 tsiku lililonse, ndipo ali ndi mtima woyenda m'maofesi kufikira malowo atalembetsedwa. Kwa banja limene ndalama imeneyi ndi yokhayo pamoyo wawo wonse, ndingasankhe yakale yaing'ono ya mapepala oyera, n'kumaikonza pang'onopang'ono.

Za nyumba yosamaliza, ija yofika pa lintala kapena yongofolera, ndinene mwachidule. Ubwino wake mumaona njerwa ndi matope ake zisanabisidwe. Kuipa kwake, kumaliza kumadya ndalama kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa zodula zili kumapeto: mawindo, mawaya, mapaipi, matailosi, siling'i. Ngati yakhala zaka zambiri pamvula yopanda denga, mtengo wake ndi wa puloti basi.

Mtengo weniweni mungaudziwe bwanji

Mtengo umene mwauona pa WhatsApp ndi wa mwini kuphatikiza za ejenti, ndipo nthawi zina pali madobadoba atatu pamzere, aliyense waikapo yake. Ndi poyambira kukambirana chabe. Umene ukufunika ndi umene nyumba yofanana nayo m'dera lomwelo inagulidwira, osati umene inatsatsidwira. Ku Malawi kuno mitengo yotere simuipeza pa intaneti. Amaidziwa ndi maloya, oyeza mitengo, ndi aneba amene anaona wogula akulowa.

Njira yodalirika ndi kulemba ntchito valuer, woyeza mtengo wa nyumba wovomerezeka, wa m'bungwe la Surveyors Institute of Malawi. Mukafuna ngongole banki idzafunabe lipoti lake, ndiye bola kuyambira pomwepo. Mulipireni inuyo, asakhale wobwera ndi wogulitsa. Lipotilo limasonyeza mtengo wa pamsika, ndipo la ku banki limakhalanso ndi mtengo wotsika umene nyumbayo ingagulidwire ataigulitsa mwachangu. Kusiyana kwa manambala awiriwa kumakuuzani mmene derali limayendera malonda.

Musanafike kwa valuer, pali masamu awiri amene mungachite nokha. Oyamba ndi a lendi. Tiyerekeze kuti akutchula K120 miliyoni, ndipo nyumba zotero m'deralo anthu amalipira K500,000 pamwezi. Pachaka ndi K6 miliyoni, kutanthauza zaka 20 kuti ndalama yanu ibwerere, musanachotse zokonza ndi misonkho. Chitani chimodzimodzi pa nyumba zonse zimene mukuziganizira. Imene zaka zake zachuluka kwambiri kuposa zinzake, mwini akugulitsa maloto ake. Masamu amenewa amaulula msanga nyumba zikuluzikulu za kunja kwa mzinda, chifukwa munthu wa lendi salipira matailosi, amalipira kufupika.

Achiwiri ndi omanga: puloti yopanda kanthu m'deralo ikugula zingati, ndipo kumanga nyumba yonga iyi lero kungadye zingati, kuchotsapo kutha kwake. Apa samalani ndi kugwa kwa kwacha. Inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Simenti, malata ndi zitsulo zinakwera motsatira. Choncho wogulitsa akamati kumanga yotere lero simungathe, akunena zoona. Koma malipiro a anthu sanakwere chomwecho, ogula ndi ochepa, ndipo nyumba zimakhala miyezi pamsika. Amene ali ndi ndalama m'manja asachite manyazi kutsitsa.

Za ngongole ya ku banki ndilibe mawu okoma. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti. Tingoyerekeza kuti mwabwereka K60 miliyoni pa 25 peresenti: chiwongoladzanja chokha chaka choyamba ndi pafupifupi K15 miliyoni, K1.25 miliyoni pamwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Pokhapokha ngati kuntchito kwanu kuli ngongole yofewa, bwerekani kachigawo kochepa komalizira.

Dera liyendereni nthawi zosayenera

Ejenti amakutengani Loweruka m'mawa, kunja kukuwala, msewu uli phee. Bwererani nokha. Lachisanu usiku mudzamva mabala ndi mapemphero a usiku wonse a zokuzira mawu. Lolemba m'mawa nyamukani pageti la nyumbayo nthawi imene muzidzanyamukira, muone kuti mufika liti kuntchito. Misewu yatsopano ya pakati pa mzinda ndi interchange ya ku Area 18 zafupikitsa maulendo ena, koma polowera m'misewu imeneyo kuchokera m'madera ndi pamene pamathina. Ngati n'kotheka onani nyumbayo kawiri pachaka: Januwale kapena Febuluwale amaonetsa matope, kudontha ndi kumene madzi amadikha, pamene Okutobala amaonetsa ngati mpopi ndi chitsime zimauma.

Mpanda wa aneba umalankhula. Pamene nyumba iliyonse ili ndi waya wamagetsi ndi magalasi osweka pamwamba pa khoma, pali chimene chinachitika. Pamene nyumba iliyonse ili ndi thanki pansanja, madzi a Water Board amabwera mwa apo ndi apo. Mayi wogulitsa tomato pakona ndi mlonda wa nyumba yoyandikana adzakuuzani m'mphindi zochepa zimene ejenti sanganene: kuba kunachitika liti, achitetezo a m'dera amayenda kapena anasiya, mwini akugulitsiranji, ndipo ngati pabwerapo ena kudzakangana za malowo. Yang'ananinso kumwamba ndi kutsogolo. Nyumba yomwe ili pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, kapena imene mpanda wake walowa m'malire a msewu, tsiku lina idzalembedwa chizindikiro chofiira.

Musanapereke ndalama

Kaya mwasankha iti, loya wanu akachite search, kufufuza mbiri ya malowo, ku ofesi ya kaundula wa malo. Pamenepo m'pamene zimadziwika ngati nyumbayo ili pachikole ku banki kapena wina anaikapo chiletso. Dzina la pa title deed lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha munthu amene wakhala patsogolo panu. Ngati ndi nyumba ya masiye, mwana mmodzi sangagulitse payekha ngakhale akhale woyamba kubadwa: pafunika makalata a khoti opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011. Ngati wogulitsa ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake adziwe ndipo asaine. Milandu yambiri ya nyumba imayambira pa siginecha imene inasowa.

Bikoni iliyonse ya pamakona, chizindikiro cha malire a puloti, muione ndi maso, ndipo ngati mpanda sukugwirizana ndi mapu, itanani saveya. Ngongole za ma rates a khonsolo, ground rent ndi madzi zimatsala ndi nyumba, choncho zilipidwe kapena zichotsedwe pa mtengo. Pamwamba pa mtengo wogulira sungani ina ya stamp duty (msonkho wa posintha dzina la mwini), ya loya ndi ya valuer. Wogulitsa naye ayenera kupeza chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, apo ayi dzina silisintha.

Abale a ku South Africa ndi ku Britain, amene mumagula poona vidiyo ya pafoni: mlamu wanu akhoza kukhala wokhulupirika, koma si loya ndipo si mmisiri. Lembani anthu awiriwa panokha, aliyense azikuyankhani mwachindunji. Amene munatenga unzika wa dziko lina mufunse kaye za mmene malamulo a 2022 akukukhudzirani, chifukwa anaika malire pa malo kwa anthu amene si nzika. Ndalama idutse ku akaunti ya loya, ituluke m'zigawo, ndipo chigawo chomaliza chidikire mpaka mapepala osinthira dzina atasainidwa ndi makiyi ataperekedwa. Wogulitsa akamakukakamizani kuti mulipire lero chifukwa pali wina akubwera ndi ndalama madzulo, muuzeni agulitse kwa ameneyo.